Kodi n'kwanzeru kulipira kuti akuyezereni ndalama yachitsulo?

M'nyumba zambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje muli kachitini kapena kansalu komanga mfundo kosungiramo ndalama zachitsulo zimene zinaleka kugula kanthu kalekale. Zina agogo anabwera nazo pochokera kuntchito ku Rhodesia ndi ku Joni, zina anasiya ndi abale a ku Mozambique amene anathawira kuno nkhondo m'zaka za m'ma 1980, zina ndi zathu zomwe za nkhope ya Kamuzu. Chifikireni mafoni, ndalamazi zikusowetsa anthu tulo. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zithunzi za kobidi limene akuti linagulidwa mamiliyoni, ndipo posakhalitsa pamatulukira munthu wa pakamwa pokoma: "Bambo, ndalama yanuyi azungu akuisakasaka. Changotsala n'chakuti iyezedwe, ipatsidwe giredi. Inu tumizani ya fomu, zinazo ndisiyireni ine."

Ntchito yoyeza ndalama ndi kuipatsa giredi ilikodi, ndipo ili ndi eni ake odziwika. Koma munthu akamvetsa mmene imayendera, amaona yekha kuti pa ndalama zimene zili m'nyumba zathu, pafupifupi zonse siziyenera kulipiridwa ngakhale tambala kuti ziyezedwe.

Tiyambe tadziwa zimene tasungazo. Kobidi lofiirira lobowola pakati, la njovu ziwiri zoimirira, ndi la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linayamba kusulidwa mu 1955. Dziko litalandira ufulu mu 1964 kunabwera ndalama za nkhope ya Dr Banda: sikisi ya tambala wakuda uja, sheleni ya zisononkho za chimanga, ya masheleni awiri yokhala ndi njovu ndi mwana wake. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, sheleni n'kusanduka 10 tambala, ya masheleni awiri n'kusanduka 20 tambala. Mu 1986 kunatuluka 50 tambala ndi K1 zachitsulo, kenaka za nkhope ya Bakili Muluzi, kenaka K5 ndi K10 zikuluzikulu za mitundu iwiri zolembedwa chaka cha 2006, ndipo mu 2012 zing'onozing'ono zimene tikuzidziwa lerozi. Zonsezi zinasulidwa mamiliyoni mamiliyoni kuti ziyende m'misika, ndipo mulibe siliva kapena golide. Chinthu chimene chimapezeka ku Ngabu, ku Bangula, ku Marka ndi ku Karonga komwe sichingakhale chosowa, ngakhale chitakhala ndi zaka 60.

Anthu ambiri amaganiza kuti Reserve Bank of Malawi ndiyo imagula ndalama zakale. Banki imeneyi, imene inayamba ntchito mu 1965, udindo wake ndi kutulutsa ndalama, kuziyang'anira ndi kuchotsa zotha ntchito. Kwa iyo, K10 ndi K10 basi. Ndalama yapepala imene yang'ambika kapena kunyowa ndi madzi osefukira mungapite nayo kubanki kukapempha kuti ayione ngati ingasinthidwe, ndipo mukapatsidwa mtengo wolembedwa pa ndalamayo. Kutchula mtengo umene wosonkhanitsa ndalama zakale angalipire si ntchito ya boma. Umenewo ndi msika wa anthu wamba, wa ogula ndi ogulitsa.

Nanga giredi n'chiyani? Mlimi wa thonje m'chigwa muno safunika kumufotokozera zambiri. Pamsika thonje loyera bwino limalowa giredi A, lothimbirira ndi la zinyalala limalowa giredi B. Woika giredi sawonjezera kanthu pa thonjelo, amangonena mmene lilili, ndipo mtengo umatsatira. Ndi mmenenso zilili ndi ndalama, kungoti pa thonje wogula amakhala ali pomwepo ndi sikelo yake, pamene pa ndalama mumalipira giredi musanadziwe ngati wogulayo aliko.

Makampani amene msika wa dziko lonse umawakhulupirira kwambiri ndi awiri a ku America: PCGS, imene inayamba mu 1986, ndi NGC, imene inayamba mu 1987. Ali ndi maofesi enanso m'mizinda monga Paris, London, Munich ndi Hong Kong. Onse amagwiritsa ntchito muyezo wa manambala kuyambira 1 mpaka 70, umene anayambitsa William Sheldon mu 1949. Nambala 1 ndi ndalama yoperepeseka moti zilembo zikungooneka pang'ono. Kuyambira 60 mpaka 70 ndi ndalama imene sinayendepo m'manja mwa anthu, ndipo 70 ndi yopanda kachilema ngakhale poiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Ndalama imene inagulapo mandasi pa Dyeratu, n'kugona m'thumba limodzi ndi makiyi, siingafikenso pa 60.

Kayendedwe kake n'kotere. Mwini ndalama amalembetsa umembala ku kampaniyo, kapena amadzera kwa wamalonda wovomerezedwa nayo. Amadzaza fomu, kutchula mtengo umene akuganiza kuti ndalamayo ingagulidwe, kulipira, ndi kutumiza ndalamayo. Akatswiri amayamba aona ngati ili yeniyeni, kenaka amagwirizana nambala. Pomaliza amaitsekera m'kapulasitiki kolimba koonekera mkati, pamwamba pali kapepala kolembedwa dziko, chaka, giredi ndi nambala ya satifiketi. Nambala imeneyi aliyense angailembe pa tsamba la kampaniyo pa intaneti n'kuona ngati ikugwirizana ndi ndalama imene ali nayo m'manja. Chitani zimenezi nthawi zonse wina akakuonetsani ndalama ya m'kapulasitiki, chifukwa akamberembere amapanganso timapulasitiki tabodza.

Pali zinthu ziwiri zimene wokunyengererani sangakuuzeni. Choyamba, makampaniwa amagulitsa ntchito yoyeza, salonjeza kukupezerani wogula. Chachiwiri, chimene mwalipira sichibwerera chifukwa choti giredi yatuluka yotsika. Ndipo ndalama imene inakwechedwa saipatsa nambala n'komwe, amangolemba kuti ndi yeniyeni koma inatsukidwa. Apa ndiye pamandimvetsa chisoni, chifukwa mwa chizolowezi chathu chinthu chopita kumsika timayamba tachiyeretsa. Munthu amatenga phulusa, mandimu kapena mchenga wa ku Mwanza, n'kukwecha kobidi mpaka kuwala kuti mbee. Kwa wosonkhanitsa ndalama, kuderako kunali umboni wa zaka zake, ndipo timizere ta mchengato ndi zipsera zosachira.

Tsopano tiwerengere. Pa ndalama imodzi pali mtengo woyezera, umembala, ndalama ya fomu, positi yodalirika yopita kunja, inshuwalansi, ndi positi yobwerera. Zikaphatikizana ndi madola makumi angapo. Tiyerekeze kuti zakwana madola 50 okha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, moti m'chaka cha 2024 dola imodzi m'mabanki inali yopitirira K1,700. Pa mtengo wa 2024 umenewo, ndiye kuti mwatulutsa zoposa K85,000, osawerengera thiransipoti yokwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre ndi vuto lopeza madolawo. Pamene 20 tambala ya 1971 imene inayendapo, kumisika ya osonkhanitsa ndalama imagulidwa pa mtengo wosafika n'komwe pa ndalama ya positi yokha. Funso loyenera kudzifunsa n'lakuti: giredi ikatuluka monga ndikuyembekezera, mtengo wa ndalamayi ukwera ndi zingati, ndipo zokwerazo zikuposa zimene ndalipira? Ngati simukumudziwa wogula, ndipo simunaone mtengo umene ndalama yofanana nayo inagulidwadi, yankho ndi ayi. Mitengo imene anthu amalemba pa intaneti potsatsa si umboni. Aliyense angalembe miliyoni pa chithunzi cha kobidi.

Abale athu amene akugwira ntchito ku South Africa anaziona ndi maso. Mu 2008, Nelson Mandela akukwanitsa zaka 90, dzikolo linatulutsa R5 ya nkhope yake. Zinasulidwa zoposa 20 miliyoni. Amalonda anatumiza zambirimbiri kukayezedwa, ndipo zochepa zimene zinapeza giredi yapamwamba kwambiri zinatchulidwa mitengo yododometsa. Mbiri inawanda, anthu n'kuyamba kubisa R5 iliyonse ya Mandela imene alandira pa chenje. Koma yolandira pa chenje inali itakhulana kale ndi zinzake. Pamene chipwirikiti chomwecho chinabuka pa R5 yokumbukira Griqua Town, imene inatuluka mu 2015, banki yaikulu ya dzikolo inalengeza poyera kuti siigula ndalama zotere ndipo mtengo wake ndi R5 yomweyo. Amene anapindula kwambiri ndi amene ankagulitsa chiyembekezo.

Sindikunena kuti palibe ndalama yoyenera kuyezedwa. Zilipo, koma n'zamtundu wina. Ndalama zoyera za ku Britain zosulidwa chisanafike chaka cha 1920 zinali za siliva pafupifupi yekhayekha, za 1920 mpaka 1946 zinali theka siliva, ndipo kuyambira 1947 siliva anachotsedwamo. Masheleni a ku Southern Rhodesia nawonso anali ndi siliva chisanafike 1947. Popeza Nsanje, pamene inkatchedwa Port Herald, ndi Chiromo anali makomo a malonda a pamtsinje ndi panjanji, si zodabwitsa kupeza sheleni yotere m'katundu wa agogo. Komabe yambiri mwa iyo mtengo wake ndi wa siliva ali mkatimo, ndipo pamenepo chofunika ndi sikelo, osati satifiketi ya ku America. Kumene giredi imagwiradi ntchito ndi pa ndalama zosulidwira osunga okha. Mu 1978 Malawi anatulutsa ndalama yagolide ya K250 yokhala ndi chithunzi cha nyala, nyama yomwe ija timainyadira ku Lengwe. Imalemera magalamu opitirira 33. Wogula wakutali sangatumize chuma chochuluka chotero kwa munthu wosamudziwa popanda umboni woti ndi golide weniweni, choncho kulipira woyeza kumakhala ndi phindu. Ndalama zotere sizinapiteko kumsika wa Nchalo.

Zambiri mungazifufuze nokha musanatulutse kanthu. Werengani dzina la dziko ndi chaka. Ijambuleni mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa dzuwa, mutaigwira m'mphepete. Mabuku ndi masamba a osonkhanitsa ndalama pa intaneti amasonyeza chitsulo chimene ndalama iliyonse inapangidwira, kulemera kwake ndi kuchuluka kwa zimene zinasulidwa. Maginito nayenso amathandiza: siliva ndi golide sizimamatira ku maginito, pamene ndalama zambiri zaposachedwa n'zachitsulo wamba chokutidwa ndipo zimamatira. Za ndalama yokoka mpunga, yoimitsa wotchi kapena yokhala ndi mankhwala obisika mkati, amenewo ndi masewera a anthu ofuna kukuberani. Posunga, kulungani iliyonse payokha m'kapepala kouma, muike m'botolo lotseka bwino pamalo okwera pamodzi ndi ziphaso. Madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anatiphunzitsa kumene zinthu zofunika ziyenera kukhala.

Kumbukiraninso kuti chinthu chakale kwambiri, makamaka chofukulidwa pansi, chingakhale mbali ya mbiri ya dziko. Lamulo loteteza zinthu zamakedzana limaletsa kutulutsa zinthu zotere m'dziko popanda chilolezo. Musanatumize kunja, funsani ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, kapena ku nyumba yosungirako zamakedzana ya ku Chichiri mu Blantyre.

Munthu amene akuti wogula alipo kale koma inu muyambe mwatumiza ya fomu, ya giredi kapena ya kasitomu pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mukaneni. Wogula weniweni amaona katundu, kutchula mtengo ndi kulipira iyeyo. Kutenga ndalama za munthu mwachinyengo ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Ngati mwatumiza kale, musafufute uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, chifukwa muli nambala ya wolandira, nthawi ndi nambala ya malondawo. Imbani ku kampani ya foni tsiku lomwelo, kenaka pitani ndi foniyo ku polisi ya Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula kapena Nsanje mukalembetse dandaulo, ndipo muwauzenso amfumu kuti anthu ena m'mudzimo achenjezedwe.