Chipata cha Konni, Gawo Lachitatu: Tsiku Lomaliza

M'gawo lapitali: Pa 26 Julayi 2023 asilikali olondera nyumba ya boma ku Niamey anatsekera m'nyumba Pulezidenti Mohamed Bazoum, ndipo Jenerale Abdourahamane Tchiani anatenga ulamuliro wa Niger. Pa 30 Julayi atsogoleri a bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa la ECOWAS, atakumana ku Abuja, anatseka malire n'kupereka masiku 7 oti Bazoum abwerere pampando, apo ayi atumizako asilikali. Lole ya Alhaji, yodzaza anyezi, inatsekeredwa pachipata cha Birni N'Konni.

Pofika Lamlungu, pa 6 Ogasiti, aliyense wodutsa pafupi ndi lole ya Alhaji ankagwira mphuno. Unali anyezi wofiirira wa ku Galmi, amene amalonda amalimbirana m'misika ya ku Lagos, Accra ndi Abidjan. Koma mvula ya Ogasiti inali italowa pansi pa lona, ndipo matumba apansi anayamba kukha madzi akuda. Chiyambireni m'mawa, Alhaji ndi mnyamata wake ankamasula thumba limodzilimodzi, wolimba kuyanika pamkeka, wofewa kuponya m'ngalande. Mulu wa m'ngalande ndi umene unkakula.

"Alhaji, anzathu a njinga zamoto akudutsatu usiku njira za m'minda," anatero mnyamatayo. "Bwanji nafenso tiyese?"

"Lole siyenda m'munda wa mchewere, mwana wanga. Ndiponso ine sindinalowepo ku Illela mozemba. Ndi kuchimuna kwa mlongo wanga kumeneko."

Illela ali patsidya pomwepo, m'chigawo cha Sokoto ku Nigeria. Mzere umene uli pakati pa matauni awiriwa anaulemba ndi Angelezi ndi Afalansa, koma mbali zonse anthu amalankhula Chihausa, amakwatirana, ndipo pamsika ndalama ya naira ndi ya CFA zimalowa m'thumba limodzi. ECOWAS itakhazikitsidwa ku Lagos mu 1975, inagwirizana mu 1979 kuti nzika ya dziko lililonse la m'bungwemo izilowa kwa anzake popanda viza mpaka masiku 90. Alhaji sanawerengepo mapangano amenewo, koma lole yake ndi nyumba yake ya simenti zinachokera mmenemo. Koma sabata imeneyo bungwe lomwe linatsegula chipatacho ndi limene linachitseka.

Masana madalaivala anasonkhana mumthunzi wa lole, atazungulira kawailesi ka mabatire kamene kankanena nkhani za BBC m'Chihausa. Sabata yonse kankabweretsa zomwezomwezo. Nigeria inadula magetsi amene Niger imadalira kwambiri. Lachinayi nthumwi zotsogozedwa ndi Jenerale Abdulsalami Abubakar, pamodzi ndi Sultan wa ku Sokoto, zinafika ku Niamey n'kubwerera osaonana ndi Tchiani kapena Bazoum. Lachisanu akuluakulu a asilikali a ECOWAS analengeza ku Abuja kuti dongosolo la nkhondo lakonzeka. Loweruka aphungu a nyumba ya Senate ku Nigeria anapempha Pulezidenti Bola Tinubu kuti afunefune njira zokambirana. Amene analimbikira kukana nkhondo anali a zigawo zakumpoto, zogawana malire ndi Niger.

"Tisanamizane," anayamba dalaivala wina wa ku Benin, amene lole yake yopanda katundu inkadikira kubwerera ku Cotonou. "Mali alanda boma mu 2020, alandanso mu 2021. Guinea mu 2021. Burkina Faso kawiri mu 2022. Lero Niger. Bungwe likangoonerera, mawa wamfuti aliyense adzadzuka ali pulezidenti. Ku Gambia mu 2017 asilikali a ECOWAS atangolowa, Yahya Jammeh anakwera ndege n'kupita. Magazi sanakhetsedwe."

"Gambia ndi kadziko kakang'ono," anayankha mnyamata wina wa ku Tahoua, mawu akunjenjemera. "Kuno Mali ndi Burkina ananena kale kuti wokhudza Niger wakhudza iwo. Ndikufunseni, bambo: pamene zigawenga zinkapha anthu ku Tillabéri, asilikali a bungwe lanulo anali kuti? Lero apezeka chifukwa cha mpando wa munthu mmodzi? Nanga mayi amene akubereka mumdima kuchipatala, ndi iye analanda boma?"

Onse anatembenukira kwa Alhaji, poti ndiye anali wamkulu. Iye anayamba wapukuta manja pamkanjo wake.

"Ine ndinavotera Bazoum mu 2021, ndipo voti yanga anaiba ndi mfuti. Zimenezo zimandiwawa. Koma amene akuti andibwezere voti yangayo anditsekera njira, andizimitsira magetsi, ndipo akutuma mwana wa mlongo wanga kuti adzawombere mwana wanga. Tsono ndiuzeni, ndiimire mbali iti?"

Palibe anamuyankha. Onse ankadziwa kuti mwana woyamba wa Alhaji ndi msilikali wa Niger, ndipo sabata imeneyo gulu lake linali litaikidwa kufupi ndi chipata chomwecho. Ankadziwanso kuti mwana wa mlongo wake ndi msilikali wa Nigeria. Asuweni awiriwa anakulira limodzi, chaka china ku Konni, china ku Illela. Atakula anakapezananso kufupi ndi nyanja ya Chad, m'gulu la asilikali a maiko asanu lolimbana ndi Boko Haram, limene likulu lake lili ku N'Djamena. Mufoni ya Alhaji munali chithunzi chawo atakumbatirana, yunifolomu zosiyana, akudya m'mbale imodzi.

Itatha swala yamadzulo, foni inalira. Anali mlongo wake.

"Achimwene, mwadya?"

"Ndadya, Hajiya. Kwagwanji? Mawu anu sakumveka bwino."

"Mphwanu uja sanaimbe chiyambire Lachisanu. Anangotumiza uthenga woti awachotsa kukampu ku Sokoto, ndisamufunse zambiri. Foni yake ndi yotseka."

"Musalire, chemwali. Aphungu akana nkhondo, mafumu akana, mashehe akana. Ngakhale Algeria ndi Chad akana."

"Senegal yavomera, achimwene. Nanenso wailesi ndili nayo. Ndimafuna ndikupempheni chinthu chimodzi. Pitani kwa mwana wanu mukamuuze kuti akaona anthu akubwera usiku, asafulumire kuwombera."

Alhaji anakhala kanthawi osayankha. Msilikali amamvera mkulu wake, osati bambo ake, ndipo mlongo wakeyo ankadziwa zimenezo. Komabe anavomera, chifukwa chibale ndi fupa, sichiola.

Anayenda wapansi kulowera kumene kunali asilikali. Asanafike n'komwe, tochi inamuwalira kumaso ndipo mawu aukali anamulamula kuti aime. Anatchula dzina la mwana wake. Msilikaliyo anatsitsa tochi, nalankhula mwaulemu.

"Pepani, Alhaji, usiku uno palibe woonana ndi wachibale. Bwererani ku lole yanu. Ngati muli ndi kwina kogona, kutali ndi msewu, mukagone kumeneko."

Pobwerera anapeza anzake atapanikizana pa wailesi. Masana a tsikulo anthu zikwizikwi anali atadzaza bwalo la masewero la Seyni Kountché ku Niamey, kuchemerera akuluakulu a asilikali. Tsopano mneneri wawo, Amadou Abdramane, anali atalengeza kuti ndege iliyonse ndi yoletsedwa kuuluka mumlengalenga mwa Niger, ndipo yoyerekeza kulowa idzaona zakuda. Madalaivala ena anatseka malole awo n'kulowera m'tauni. Alhaji anauza mnyamata wake kuti apite nawo, iye n'kuyala mkeka pansi pa lole, mikanda yopempherera ili m'manja.

Konni yense anali mumdima. Nyali za ku Illela zokha ndi zimene zinkaoneka chakummwera. Itangopitirira 12 koloko, masiku 7 aja atakwana, foni inanjenjemera m'thumba. Nambala inali ya ku Nigeria, koma yosaidziwa.

"Malume, ndine. Ndabwereka foni ya mnzanga, ndilibe nthawi."

"Uli kuti, mwana wanga? Amayi ako akulira."

"Sindinganene. Atiuza tikwere magalimoto, koma sanatiuze kumene tikupita. Inu muli kuti?"

"Pachipata, pansi pa lole."

"Chokanipo, malume. Anyezi musiyeni, chokanipo pompano. Nanga msuweni wanga, ali pachipata pomwepo?"

Alhaji asanayankhe, kumbuyo kwa mawuwo kunamveka munthu akukuwa molamula, ndipo foni inaduka. Anaimbanso, yotseka. Atatukula mutu anaona nyali zambiri zitandondozana pamsewu wochokera ku Sokoto, zikuyandikira. Kumene kunali asilikali a Niger kunalira wenzulo, ndipo Alhaji anamva mawu amene akanawazindikira ngakhale pakati pa anthu chikwi, mawu a mwana wake, akulamula anzake:

"Aliyense pamalo pake! Tcherani mfuti!"

Ipitirira sabata yamawa.