Osapupuluma kuthamanga mukatuluka m'chikuta

Tsiku lomwe ndinayesa kuthamanga koyamba nditabereka, sindinapite patali. Kunali m'mawa ku Burgess Park, kum'mwera kwa London, mwana ali ndi sabata 7 zokha. Nditangothamanga mphindi zitatu, ndinamva kunyowa. Mkodzo unali utatuluka wokha. Ndinavula juzi n'kumanga m'chiuno, ulendo wa kunyumba manyazi atandigwira. Ine namwino, wolangiza anthu tsiku ndi tsiku!

Chinandipupulumitsa ndi mantha. Mwanayu ndinabereka nditapitirira zaka 40, ndipo BP inandivuta kwambiri ndili woyembekezera. Amayi otere amakhala pachiopsezo chodwala BP ndi mtima m'tsogolo, choncho ndinkafuna kuyamba msanga masewero olimbitsa thupi.

Nditawafotokozera mayi anga pa WhatsApp, anayamba aseka kaye. "Mwanawe, akukuthamangitsa ndani kumeneko? Msana sunalimbe, khala pansi umwe phala." Ndinaona ngati ndi zachikale, koma anali ndi mfundo. Kumudzi mayi akatuluka m'chikuta amakhala ndi anakubala omutungira madzi ndi kumuphikira. Kuno uli wekha, ndipo mutu uli pa za kubwerera ku shifiti.

Ku UK mayi amakaonana ndi GP pakatha sabata 6 mpaka 8 atabereka. Ambirife dokotala akati zili bwino timangoti basi, thupi lachira. Koma minofu ya m'munsi mwa chiuno, yomwe imagwira chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, imakhala itasenza katundu miyezi 9, ndipo pothamanga imagwedezeka nthawi iliyonse phazi likaponda pansi. Izi zimakhudzanso omwe anabereka kudzera pa opaleshoni.

Mu 2019 akatswiri atatu a mafizo, Tom Goom, Gráinne Donnelly ndi Emma Brockwell, analemba malangizo oti mayi adikire sabata zosachepera 12 asanayambe kuthamanga. Ayambenso wadziyesa: kuyenda ndawala mphindi 30, kuima ndi mwendo umodzi masekondi 10, kuthamanga pamalo amodzi mphindi imodzi, kudumpha ndi mwendo umodzi ka 10. Ngati mkodzo ukudontha, kumunsi kukumveka kulemera, kapena pali ululu kapena magazi, ndiye kuti nthawi sinakwane.

Ine ndinalephera pa kudumphako. Ndinabwerera kwa GP n'kupempha kuti anditumize kwa wa mafizo woona za amayi. Anandiphunzitsa kufinya minofu ija ngati ndikugwira mkodzo, kenako n'kumasula, katatu pa tsiku. Ndinkachita ndikuyamwitsa, ngakhale ndili m'basi.

Mwana atakwana miyezi 5 ndinayamba ndondomeko ya NHS yotchedwa Couch to 5K. Ndi ya sabata 9, kuthamanga katatu pa sabata. Sabata yoyamba umathamanga mphindi imodzi, n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, mobwerezabwereza. Sabata zina ndinazibwereza chifukwa mwana sanagone usiku. Ndinaphunziranso kuyamwitsa ndisananyamuke, kuvala bra yogwira bwino ndi kumwa madzi okwanira.

Timamva za Paula Radcliffe yemwe anapambana mpikisano wa New York Marathon mu Novembala 2007, atabereka mu Januwale chaka chomwecho. Koma iye kuthamanga inali ntchito yake, ndipo anali ndi akatswiri omuyang'anira. Ife tili ndi ma shifiti a maola 12 ndi achibale odikira thandizo kumudzi.

Pano Loweruka lililonse ndikakhala kuti sindili ku ntchito ndimapita ku parkrun ku Burgess Park komwe kuja. Ndi makilomita 5, 9 koloko m'mawa, osalipira kanthu. Inayambira ku Bushy Park kuno ku London mu 2004 ndi anthu 13 okha. Oyenda pansi amaloledwa, ndipo pamakhala munthu wodzipereka kuyenda kumbuyo kwa onse kuti wina asakhale womaliza.

Amayi anzanga, kudontha mkodzo kumachitikira ambiri, koma si chinthu chongopirira ayi, thandizo lilipo. Kauzeni GP kapena mzamba, osachita manyazi. Tsiku lomwe ndinamaliza makilomita 5 ndili wouma, ndinatumiza chithunzi kwa mayi. Anayankha kuti, "Chabwino, koma phala unamwa?"