Musagule injini poona kunyezimira

Mabanja ambiri achinyamata akudalira minibasi. Bambo ndi mayi asonkha ndalama, atenga ngongole ku banki m'khonde, makolo nawo aponyapo kangachepe, n'kugula Hiace yoti izinyamula anthu. Ndiye tsiku lina dalaivala angoimba foni kuti injini yanoka. Fizi ya ana, lendi ndi ngongole, zonse zaima pomwepo.

Apa ambiri mumathamangira kukagula injini yakale, zija zimachokera ku Japan kudzera pa madoko a Durban ndi Dar es Salaam. Si kulakwa ayi, nthawi zina zimatchipa kusiyana n'kukonza yonokayo. Koma injini ili pansi simungaimve kulira, ndipo ilibe geji yosonyeza makilomita omwe yayenda. Wogulitsa akati "iyi yayenda pang'ono", amenewo ndi mawu chabe. Choncho muyenera kuifufuza ndi maso komanso manja musanatulutse ndalama.

Choyamba, musapite nokha. Tengani makaniko wanu amene mumamudziwa, osati woloseredwa ndi wogulitsa. Mumulipire tsiku lakelo, ndalama imeneyo n'njochepa poyerekeza ndi imene mukufuna kutaya. Ndipo inu bambo, musawasiye mayi kunyumba ngati ndalamazo mudasonkha limodzi. Mawa zikavuta, mkangano wa "ndidanena ine" umayambira pamenepa.

Mukafika, musatengeke ndi injini yowala. Ogulitsa amaitsuka ndi mafuta n'kuipopera penti, ndipo kutsukako kumabisa malo omwe imadontha oilo. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yambani mwaona mtundu wake ngati ukufanana ndi wa galimoto lanu. Pa Hiace ya dizilo pali 2L ya malita 2.4, 3L ya malita 2.8 ndi 5L ya malita 3.0. Zimaoneka zofanana, koma si imodzi.

Kenaka makaniko aike sipanala pa bawuti ya crankshaft kutsogolo n'kuzungulitsa kawiri kathunthu. Injini ya masilinda anayi iyenera kulimba kanayi pa maulendo awiriwo, kulimba kenako n'kufewa. Ikakana kuzungulira, mwina idanoka kapena mudalowa madzi n'kuchita dzimbiri. Ikamazungulira mopepera ngati gudumu la njinga, ndiye kuti mphamvu ya m'masilinda idatha. Zonse ziwirizi, isiyeni.

Tsegulani chotsekera oilo muone kunsi kwake. Mukapeza zoyererako ngati tiyi wamkaka, madzi adasakanikirana ndi oilo, ndipo kawirikawiri vuto limakhala gasiketi kapena silinda hedi yong'aluka. Pemphani kuti avundukule chivundikiro cha pamwamba pa mavavu. Mkatimo muyenera kukhala mwa oilo wamba. Mukakhala matope akuda ngati phula, mwini wakeyo sankasintha oilo panthawi yake.

Sampu nayo imasulidwe. Ndi mabawuti ochepa chabe, ndipo wogulitsa wachilungamo sakana. Pisani chala m'oilo wotsalira pansi. Mukamva ngati mchenga kapena kuona tizitsulo tonyezimira, mabelingi adadyeka. Injini yotere imatha kulira bwinobwino sabata imodzi, kenako n'kunoka minibasi ili yodzaza ndi anthu.

Suzumirani m'mabowo odutsa madzi. Dzimbiri lochuluka likutanthauza kuti inkayendera madzi okhaokha, ndipo injini yotere sichedwa kutentha. Onaninso mabowo otulukira utsi. Mwaye wouma si vuto pa dizilo, koma bowo lonyowa ndi oilo likusonyeza kuti silinda imeneyo imadya oilo.

Ngati pali sitata ndi batire, makaniko ayeze kompuleshoni ndi geji. Pa 3L, a Toyota amati silinda yabwino ifike makilogalamu 32 pa sikweya sentimita, isatsike kupitirira 20, ndipo masilinda asasiyane koposa 5. Ogulitsa ena amatha kuiliza ili pansi pomwepo. Akatero, iyambe ili yozizira, ndipo muonetsetse utsi. Wabuluu ndi oilo akupsa, woyera wosatha ndi madzi kapena vuto la mainjekita.

Za mapepala musazione mopepuka. Nambala ya injini idadindidwa pa buloko. Iwerengeni nokha, ndipo ikaoneka yopalidwa kapena yodindidwa kawiri, chokanipo msanga chifukwa itha kukhala yakuba. Nambala yomweyo ilembedwe pa lisiti, pamodzi ndi dzina la wogulitsa, tsiku ndi mtengo. Mukaimanga, pitani ku Road Traffic kuti nambala yatsopanoyo ilowe m'mapepala a galimoto lanu.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: gwirizanani masiku oiyesa, ndipo zilembedwe pa lisiti pomwepo kuti ikavuta m'masiku amenewo mudzaibweza kapena kusinthitsa. Ngakhale makaniko waluso sangaone zonse injini ili pansi. Wogulitsa akakana kulemba, akati "tikhulupirirane, achimwene", dziwani kuti iye mwini sakuikhulupirira.

Pomaliza, musathere ndalama zonse pa injini yokha. Siyani ina yogulira timing belt yatsopano, chifukwa pa injini zimenezi imasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse ndipo simukudziwa kuti yomwe ilipoyo yayenda bwanji. Ikaduka, mapisitoni amawomba mavavu, ndiye mwabwerera pomwe mudayambira. Oilo, mafyuluta ndi thermostat zikhalenso zatsopano isanalowe pamsewu.

Minibasi ikaima, mtima umathamanga, ndipo ngongole siyembekeza. Komabe kutaya masiku awiri mukuzungulira mashopu n'kwabwino kusiyana n'kugula injini kawiri m'chaka chimodzi. Khalani pansi awirinu, werengani ndalama zomwe muli nazo, itanani makaniko, kenako muzipita.