Mphunzitsi Wotha Kufotokoza za Napolo

Mu Malichi 1991, madzi, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anabweretsa tsoka lomwelo ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre. Akuluakulu amati kwadutsa napolo.

Mwana wa fomu 3 akafunsa gwero la napoloyo, ayenera kupeza mphunzitsi womuyankha momveka. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi la pamtsetse limakhuta madzi, limalemera, kenaka limalekana ndi thanthwe la pansi pake, makamaka pomwe mitengo inatha.

M'masekondale a ku Malawi, nkhani za miyala, nthaka, nyengo ndi zivomezi zimaphunzitsidwa kwambiri m'phunziro la jogalafe. Aphunzitsi ake amasulidwa ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, Yunivesite ya Mzuzu komanso m'makoleji a Domasi ndi Nalikule. Digiri ya uphunzitsi imatenga zaka zinayi. Wophunzira amazama m'phunziro lakelo, amaphunzira kaphunzitsidwe, ndipo asanamalize amakaima ndi choko pamaso pa ana enieni, womuyesa atakhala kumbuyo kwa kalasi.

Palinso ena odziwa miyala koma osadziwa kalasi, monga omwe amamaliza maphunziro a sayansi ya nthaka ndi nyengo ku yunivesite ya MUST ku Thyolo. Oterewa akafuna kuphunzitsa amayenera kuwonjezera maphunziro a uphunzitsi, pakuti kuzindikira mwala n'kosiyana ndi kuufotokozera ana odzaza kalasi.

Zophunzitsira zili pakhomo pomwe. Nyanja ya Malawi, yakuya pafupifupi mamita 700, ili m'chigwa chomwe chinabadwa nthaka itang'ambika, ndipo mng'alu womwewo ndiwo unagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009. Ku Mchenga kuli malasha, ku Kayelekera kuli yureniyamu, pomwe mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus anafukulidwa ku Karonga. Mphunzitsi wosulidwa bwino amatulutsa ana panja, amawagwiritsa miyala, amawaonetsa mitundu ya dothi m'mbali mwa chigwembe cha kuseri kwa sukulu.

Koma ulendo wokafika kumalo akutali ngati Mchenga ndi Kayelekera umafuna galimoto, mapu ndi nthawi. Boma ndi makoleji aike ndalama zoti aliyense wophunzira uphunzitsi wa jogalafe akaponde m'mapiri ndi m'zigwa zimenezi asanapatsidwe kalasi yake.