NZERU ZA MUNTHU ZIKAIKIDWA PA SIKELO YA BWALO LA MILANDU

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1996, m'chigawo cha Virginia ku Amereka, anyamata awiri, Daryl Atkins ndi William Jones, anagwira msilikali wachinyamata dzina lake Eric Nesbitt, nam'landa ndalama, kenaka anakamuombera ndi mfuti kuthengo. Bwalo linapeza kuti woombera anali Atkins, amene anali ndi zaka 18, ndipo linagamula kuti aphedwe. Zoti munthu anafa panalibe wotsutsa. Chimene chinakoka mlanduwu zaka zoposa khumi ndi funso ili: kodi mutu wa mnyamatayu unali wokwanira kusenza chilango chachikulu chotere?

Akatswiri awiri, mayankho awiri

Mbali ya Atkins inaitana katswiri wa za maganizo, Dr. Evan Nelson. Iyeyu anacheza ndi anthu amene ankamudziwa mnyamatayo, anawerenga malipoti ake a kusukulu, namulembetsa mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ. Pa mayeso amenewa munthu wamba amapeza pafupifupi 100, koma Atkins anapeza 59. Mbali ya boma nayo inabweretsa katswiri wake, Dr. Stanton Samenow, amene anacheza naye kawiri nanena kuti nzeru zake zinali ngati za munthu wina aliyense.

Mlandu unakwera mpaka ku bwalo lalikulu koposa m'dzikolo, la Supreme Court. Mu 2002 oweruza 6 mwa 9 anagamula kuti munthu wa ulumali wa nzeru sayenera kupatsidwa chilango cha imfa. Sanati asalangidwe ayi, pakuti ambiri otere amadziwa chabwino ndi choipa. Koma amavutika kumvetsa zinthu, kuphunzira pa zolakwa zawo ndi kudziletsa. Kawirikawiri amangotsata anzawo, amatha kuvomera mlandu umene sanapalamule, ndipo salongosola bwino nkhani kwa loya wawo.

Tisasokoneze ulumali umenewu ndi misala. Misala imatha kum'gwira munthu atakula kale, ndipo imatha kuchepa ndi mankhwala. Ulumali wa nzeru umayamba paubwana ndipo munthu amakula nawo. Ngakhale ma ulama akale a fiqh anasiyanitsa majnun, amene mutu wasokonezeka, ndi ma'tuh, amene kuzindikira kwake n'kochepa.

Zitatu zimene katswiri amafufuza

Choyamba ndi mayeso a IQ aja: amaona ngati munthu wapeza pafupifupi 70 kapena kutsika apo. Chachiwiri ndi mmene munthuyo amadzithandizira pa moyo wa tsiku ndi tsiku: kuwerenga ndalama, kudziwa nthawi, kudzisamala, kukhala ndi anzake popanda kupusitsidwa. Chachitatu ndi umboni woti vutoli linayamba munthuyo asanakule. Zitatuzi zili ngati mafuwa. Limodzi likasowa, mphika sukhala.

Anthu ambiri amakhulupirira nambala chifukwa imaoneka ngati yosanama. Komatu nambala ya IQ imasuntha. Munthu yemweyo akalemba kawiri, zotsatira zimatha kusiyana ndi mapointi asanu kukwera kapena kutsika. Wobwereza mayeso amawazolowera, ndipo mayeso akakhalitsa osakonzedwanso amapatsa anthu nambala yokwererapo. Atkins yemwe uja atayesedwanso patapita zaka anapitirira 70, ndipo mu 2005 gulu la jury linati alibe ulumali. Chinam'pulumutsa mu 2008 ndi nkhani ina, yokhudza mmene oimira boma anayendetsera umboni wa mnzake Jones, ndipo chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse.

Ku Florida lamulo linkati wopeza kupitirira 70 asamvedwenso za ulumali. Mkaidi wina, Freddie Lee Hall, anali atapeza 71, kutanthauza kuti pointi imodzi ikanamuphetsa. Mu 2014 bwalo la Supreme Court linakana lamulo limeneli, ponena kuti nambala ikakhala m'malire, bwalo liyenera kumva umboni wa moyo wa munthuyo.

Ku Texas nako kunali Bobby Moore, amene ali ndi zaka 13 sankadziwa bwino masiku a sabata kapena miyezi ya chaka. Bwalo la kumeneko linati ngwanzeru popeza ankatchetcha kapinga kuti apeze ndalama ndiponso ankatha kudzikhalira m'misewu. Mu 2017 bwalo lalikulu lija linati kuweruza kotere n'kolakwika: madokotala amayang'ana zimene munthu akulephera, ndipo kukhoza ntchito imodzi sikufafaniza ulumali.

Nanga kuno kwathu?

Nkhaniyi sili kutali nafe. Kale m'Malawi aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ankangolamulidwa kunyongedwa. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, bwalo la High Court linati kugamula imfa mosaona kaye za munthuyo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira mu 2015 mabwalo anamvanso zilango za akaidi oposa 100, ndipo thanzi la maganizo awo linali limodzi mwa zinthu zimene ankaziganizira. Othandiza maloya anayenda m'midzi kukafunsa abale ndi mafumu za mmene akaidiwo anakulira.

Ulendo wa kumudziwo ngwofunika, chifukwa mayeso ambiri a IQ anakonzedwa m'Chingerezi, poyerekeza ana a maiko a kutali. Mwana wa msodzi amene analekeza Sitandade 2 angathe kuwalephera chifukwa chosapita kusukulu, nzeru ali nazo. Ndiye katswiri wodziwa ntchito amam'yerekeza munthu ndi anzake a m'mudzi momwemo. Kodi anayamba liti kuyenda ndi kuyankhula? Anabwereza kangati Sitandade 1? Akatumidwa kukagulitsa usipa kumsika, chenje amabwera nacho chokwanira? Amatha kusoka ukonde monga a msinkhu wake, kapena amangopatsidwa zonyamula? Anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo ali wamng'ono? Nanga pobadwa, analira msanga? Paja malungo ogwira ubongo, kubanika pobadwa ndi kunyentchera ndi zina mwa zimene zimabweretsa ulumali wotere.

Udindo wa makolo

Mayankho a mafunso amenewa sali m'buku la dokotala. Ali ndi mayi amene anam'bereka kumsana, malume ake, aphunzitsi ake ndi anyakwawa. Koma manyazi amatitseka pakamwa. Timati "mwanayu ngofatsa chabe", ndipo iye mwini amangoti "inde" pa funso lililonse kuti asaoneke wosamva. "Inde" wotereyu akanenedwa kupolisi amatha kulembedwa ngati kuvomera mlandu.

Choncho makolo anzathu, ngati pakhomo pali mwana wochedwa kumvetsa zinthu, pitani naye kuchipatala akadali wamng'ono kuti zilembedwe. Sungani khadi lake la kusikelo, buku la kuchipatala ndi malipoti a kusukulu. Tsoka likagwa n'kumangidwa, uzani apolisi ndi loya za vutoli tsiku loyamba lomwelo, ndipo pemphani kuti ayesedwe ndi katswiri. Opanda ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Mukafunsidwa, nenani zoona zokhazokha, osakuza kapena kubisa, pakuti banja la wolakwiridwa nalo likudikira chilungamo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Katswiri wabwino sathamangira nambala. Amakhala pansi n'kumva moyo wonse wa munthu. Koma angamve chiyani ngati ife odziwa moyo umenewo tatseka pakamwa?