Tsekani buku, muone zomwe zatsala m'mutu

Mayeso a MSCE akamayandikira, ophunzira a Fomu 4 amandipeza ndi dandaulo limodzimodzi: "Aphunzitsi, ndimachezera kuwerenga, koma ndikangolandira pepala la mayeso zonse zimabalalika." Ena amawonjeza kuti iwo amamva bwino akaona zithunzi, ndiye kalasi yongomvetsera siwathandiza.

Maganizo amenewa ali ndi kochokera. Mu 1987 mphunzitsi wa ku New Zealand, Neil Fleming, adagawa ophunzira m'magulu anayi: oona, omvetsera, owerenga ndi kulemba, komanso ogwira ndi manja. Njirayi imatchedwa VARK ndipo idafalikira maiko ambiri. Koma mu 2008 Harold Pashler ndi anzake atatu ataunika kafukufuku yemwe adalipo, sadapeze umboni wokwanira woti mwana akaphunzitsidwa motsatira gulu lake amakhoza bwino. Aliyense ali ndi zokonda zake, sindikukana. Chomwe ndaona pa ntchito yanga n'chakuti phunzirolo ndi lomwe limalamula. Mapu a mtsinje wa Shire amafuna maso, katchulidwe ka Chifalansa kamafuna khutu, masamu amafuna pensulo m'manja. Zimandipweteka mtsikana wanzeru akadzitsekera khomo ponena kuti "ine si wa zowerenga".

Vuto lenileni lili pa kawerengedwe. Mukawerenga notsi kachinayi, mawu amaoneka odziwika ndipo mtima umakhala pansi. Zili ngati munthu amene mumakumana naye pa msika tsiku ndi tsiku: nkhope mukuidziwa, koma wina akakufunsani dzina lake mumangokanda m'mutu. Pa mayeso amafunsa dzinalo.

Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, a ku Washington University mu mzinda wa St. Louis, adapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina lidangoiwerenga mobwerezabwereza. Lina lidawerenga nthawi imodzi, kenaka n'kulemba katatu zonse zomwe likukumbukira, osayang'ana pa nkhaniyo. Patatha mphindi 5, obwereza aja ndiwo adapambana. Patatha sabata zinthu zidatembenuka: iwo adakumbukira 40 peresenti, pomwe odziyesa adakumbukira 61 peresenti. Kuvutikira kukumbukira kuja, komwe ophunzira amakuthawa poganiza kuti akulephera, ndi komwe kumakhazikitsa chinthu m'mutu.

Nthawi nayo ndi yofunika. Kale mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany adaonetsa kuti zambiri timaziiwala m'maola oyambirira, pambuyo pake kuiwalako kumachepa liwiro. Motero maola atatu ogawidwa pa Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka amapindulitsa kuposa maola atatu a usiku umodzi, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira pothamangitsa tulo.

Ophunzira anga ndimawauza chonchi: werengani mutu umodzi wa Bayoloje, mwachitsanzo kayendedwe ka magazi, tsekani buku, jambulani mtima pa pepala loyera ndi kulemba mayina a zigawo zake. Mukatero tsegulani muone zomwe mwaphonya. Mapepala akale a MANEB muziyankha kaye nokha musanaone mayankho. Pakapita masiku awiri mujambulenso mtima uja, ndipo madzulo ake mufotokozere mng'ono wanu mmene magazi amachokera ku mapapo.