Odziwa Mbalame ndi Mlomo Wake

Ikafika Okutobala, masamba akuyoyoka ndipo mphepo yayamba kuluma ku England, anthu amakhamukira ku Slimbridge, dambo la m'mbali mwa mtsinje wa Severn, kukaona mbalame zothawa chisanu cha ku Russia. Amakhala m'timisasa tamatabwa, ali chete, magalasi oonera patali ali m'maso. Ambiri amabwerera kwawo akuganiza kuti dambolo limadzisamalira lokha, chonsecho pali anthu amene amalisamalira ngati dimba.

Ntchito yaikulu ya woyang'anira dambo ndi ya madzi. Akachuluka, mbalame zodya za m'matope zimasowa potera. Akaphwa, abakha amasamuka. Ndiye amakhalira kutsegula ndi kutseka ngalande, kudula bango ndi mitengo yomera pamene sikufunika, ndiponso kugwirizana ndi alimi kuti ng'ombe zidye msipu mpaka ufupike, poti atsekwe amakonda udzu waufupi. Jombo sizichoka kuphazi. Wofuna ntchito yongoyang'ana mbalame tsiku lonse asapiteko.

Malowa anawakhazikitsa mu 1946 ndi Peter Scott, mwana wa Robert Falcon Scott amene anafera ku Antarctica. Peter yemweyu poyamba anali mlenje wa atsekwe, ndipo mwina n'chifukwa chake ankawadziwa bwino chotero. Mu 1964 anayambitsa ntchito imene ine ndimaiona kuti ndi yodabwitsa kuposa zonse pamalopo. Anazindikira kuti mbalame zoyera za khosi lalitali zotchedwa Bewick's swan zili ndi mawanga achikasu ndi akuda pamlomo, ndipo palibe ziwiri zofanana. Iye ndi a m'banja mwake anayamba kujambula pamanja mlomo wa iliyonse n'kuipatsa dzina. Mpaka lero pali ofufuza amene ntchito yawo ndi yomweyi. Mbalame ikangotera kuchokera ulendo wa makilomita oposa 3,000, amaiyang'ana kumlomo n'kudziwa kuti ndi yakuti, yabwera ndi mnzake wa chaka chatha kapena yaferedwa, ndiponso yabwera ndi ana angati. Zoposa 10,000 zalembedwa m'kaundula mwa njira imeneyi. Pamafunika diso la mbusa, uja amadziwa ng'ombe iliyonse m'khola ngakhale kuli chisisira.

Chisanu chikakhwima, madzulo wantchito amatuluka ndi wilibala ya tirigu kukamwaza m'mphepete mwa dziwe, alendo akuonerera kuseri kwa galasi. Ndi nthawi imeneyi imene ambiri amaona osamalira dambo ali pa ntchito.

Palinso owerenga mbalame, ndipo ochuluka mwa iwo salandira kanthu. Kalembera wa mbalame za m'madzi ku Britain anayamba mu 1947, ndipo masiku ano anthu ongodzipereka zikwi zingapo amatuluka kamodzi pa mwezi, pa tsiku limodzi m'dziko lonse, kuopa kuwerenga kawiri gulu limene lasamuka. Gulu lalikulu saliwerenga imodziimodzi. Amawerenga khumi kapena zana, kenako n'kumayerekeza kuti kagulu kotero kakukwana kangati, uku akupemphera kuti kabawi asadutse n'kuzibalalitsa. Achinyamata ambiri olembedwa ntchito m'madambo otere amayambira kongodzipereka komweku.

Zolemba zawo sizikusangalatsa. Ma Bewick's swan ofika ku Slimbridge achepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Ena akuthera ulendo ku Germany ndi ku Netherlands chifukwa kumeneko sikukuziziranso ngati kale, koma mtundu wonsewo wachepanso ku Ulaya. Ofufuza amagwirako zina mwa mbalamezi, kuziveka mphete kumwendo ndi kuzijambula ndi makina a X-ray. Ngakhale malamulo amaletsa kuziwombera m'mayiko amene zimadutsa, pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse zojambulidwa inapezeka ili ndi tizipolopolo m'thupi.